Neville ndi Timabotolo ta Malovu

Neville Triffitt anachoka pasukulu yogonera komweko ali ndi zaka 14, chikwama kumanja, matiresi onyowa paphewa. Anzake anali atandandalika pakhonde.

"Mvula ikupita, pindani maambulera!" anakuwa mmodzi, onse n'kufa nacho chiseko.

Neville ankakodza pogona, ndipo ngakhale masana mkodzo unkangomupulumuka. Anamenyedwapo, anamanidwapo madzi, koma sizinathandize. Sukulu inathera pomwepo.

Anayamba kumeta nkhosa m'mafamu, kenako kuyendetsa lole yonyamula mitengo m'misewu ya pachilumba cha Tasmania. Vutolo linatha atakula, koma impso imodzi inali itawonongeka kale. Za ubwana wakezi sanauzeko munthu, ngakhale mkazi wake.

Ndiye mwana wawo Tahlia, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anayamba kudwaladwala. Thupi kutentha, kulira pokodza, kubwera kusukulu yunifolomu itanyowa. Kuchipatala ku Hobart, dokotala wina wamkazi anawafotokozera kuti mkodzo wa mwanayo unkabwerera kuchoka m'chikhodzodzo kupita ku impso.

"Kawirikawiri zimakhala zakumtundu," anatero dokotalayo. "Tikuchita kafukufuku kuti tidziwe chimene ana amatengera kwa makolo. Alipo m'banja mwanu amene anavutikapo chonchi?"

Neville anayang'ana nsapato zake. Tahlia anali atabisa nkhope m'jekete la bambo ake chifukwa cha manyazi.

"Ineyo," anatero Neville. "Mpaka zaka 17."

Mwana uja anadzutsa mutu. "Inunso, adadi? Aakuluakulu chonchi?"

"Inenso, mwanawe. Iwe sunayambe, katswiri ndinali ine."

Tahlia anaseka koyamba sabata imeneyo. Mayi ake anangogwira dzanja la mwamuna wawo.

Ofufuzawo ankafuna malovu a achibale ambiri, chifukwa m'malovumo amatha kuona zimene munthu anatengera kumtundu. Neville ananyamula bokosi la timabotolo mu lole yake, nayamba kuima pakhomo la wachibale aliyense.

Ambiri anakana. "Mitengo yakukwana, wayamba kupemphetsa malovu?" anamuseka msuweni wake. Patatha miyezi isanu anali ndi timabotolo tinayi tokha.

Amalume ake, a Clarrie, nkhalamba ya zaka 80 yoweta nkhosa, anamubweza katatu. Ulendo wachinayi Neville anasiya bokosi m'galimoto. Anatsamira mpanda wa khola n'kuwafotokozera zonse za kusukulu kuja, ndi za Tahlia.

A Clarrie analoza galimoto ija.

"Katenge kabotolo kakoko," anatero motsitsa mawu. "Ine mayi ankayanika bulangeti langa kuseri kwa khola kuti alendo asaone. Zaka zonsezi ndimayesa ndinali waulesi ndekha."

Atalavula anapita pafoni n'kuyamba kuimbira abale mmodzimmodzi. "Lavulani, anthu inu! Mukuumira malovu ngati ndi golide?"

Chaka chisanathe timabotolo tinafika 38.

Ofufuza aja akadali pantchito, yankho lonse sanalipeze. Koma ataona mmene vutolo linkayendera m'banjamo, anaunika ana onse aang'ono. Atatu anapezeka nalo, mmodzi khanda la miyezi isanu ndi itatu, ndipo onse analandira chithandizo impso zisanawonongeke.

Ali ndi zaka 43, Neville anabwerera m'kalasi kukaphunzira zaumoyo. Mayeso oyamba analephera, achiwiri anakhoza. Lero amagwira ntchito ndi ofufuza omwewo, kuyendera mabanja pachilumba chonse. Akafika pakhomo amayamba wagwada pafupi ndi mwana n'kumuuza kuti, "Si kulakwa kwako."

Inu amene mwana wanu akuvutika chonchi, musamukalipire, pitani naye kuchipatala. Ndipo iwe amene wasenza manyazi ako wekha kwa zaka zambiri, lankhula. Mwina pali mwana kwinakwake amene akudikira mawu akowo kuti achire. Usataye mtima.