Kathirakitala ka Ababa

Kathirakitala ka ababa kanakhala m'shedi zaka zitatu chimwalirireni eni ake. Ndi kaja ka mawiro awiri, kogwira ndi manja ngati wilibala, kamene ankalimira dimba lathu la kabichi kuno ku Ndunde. Tsiku lina amalume anafika n'kunena kuti apeza wogula zitsulo wa ku Limbe, abwera Loweruka.

"Achemwali, chitsulo chakufachi mukusungiranji?" anatero kwa amayi.

Ine ndinalowererapo. "Amalume, kakalira Loweruka lisanafike, simukagulitsa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iweyo, mphwanga? Kalize tione."

Linali Lachinayi. Ndinachotsa masaka amene tinafunditsa, fumbi kobo! Makoswe anali atamanga chisa mu fyuluta, ndowe zawo mbwee. Ndinakhetsa oyilo wakale, wakuda bii. Dizilo wa m'thanki ndinataya, n'kukwera kabaza kupita ku Boma kukagula wina. Ndinatsuka, ndinapaka girizi, ndinamanga mabawuti, momwe ndinkaonera ababa akuchitira ndili mtsikana.

Lachisanu ndinayamba kupukusa handulo. Kankangoti tu, tu, kenako zii. Ndinapukusa mpaka manja anatuluka matuza. Ndinamasula paipi ya mafuta kuchotsa mpweya katatu konse, koma ayi ndithu. Ndinakatukwana, inde, ine wa kwaya kutchalitchi, ndinakatcha mfiti. Ndinkalowa m'nyumba, kutuluka, kusuzumira kumsewu ngati wogula uja watulukira kale. Ndinkaopa kwambiri. Madzi akumwa omwe sanalowe.

Amayi anali pakhonde kusankha nyemba. M'shedimo sankapondamo chichitikireni maliro.

"Kodi chitsononkho wachotsa?" anafuula.

"Chitsononkho chanjinso, amayi? Musandisokoneze inu!"

"Ukali ngati bambo ako! Iwo akamakasunga ankatseka paipi ya utsi ndi chitsononkho, kuti mavu asamangemo."

Ndinasuzumira m'paipimo. Chinalimodi, mkati kwenikweni, chokulunga ndi kansalu. Masiku awiri thukuta lonselija, kathirakitala katatsekedwa popumira! Ndinachikoka ndi waya. Kansaluko ndinakazindikira pompo: kachidutswa ka shati ya ababa ya mizeremizere imene ankavala kudimba.

"Anatseka m'mawa wa tsiku lomwe tinapita kuchipatala," anatero amayi, mawu atatsika. "Anati akabwerako adzachotsa okha."

Ndinagwiranso handulo. Kamodzi, kawiri, ndiye kanalira! Utsi wakuda tolo, nkhuku balala, mbuzi kudula chingwe. Amalume ndinali nditawagonjetsa, kathirakitala sikapitanso ku Limbe, koma kuseka kunandikanika. Phokoso limenelo ndi limene linkatidzutsa m'mawa uliwonse ababa akamatsikira kudimba.

Nditacheuka ndinaona amayi ataima pakhomo la shedi, lichero likadali m'manja. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, dizilo asathere pachabe.

"Usazimitse msanga, mwanangu," anatero. "Kasiye kalire pang'ono."