Malata a Agogo a Barnaba

Fungo la utuchi wa mbawa likangondipeza, ngakhale ndili pakati pa msika wa ku Lichinga, ndimabwerera pakhonde la agogo a Barnaba ndili ndi zaka khumi, nditakhala pathabwa kuti lisagwedezeke iwo akulipala. Ankagwira ntchito atavula malaya, pensulo ili kukhutu, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imodzimodzi imene sankaimaliza, pamwamba pathu malata akuthetheka ndi dzuwa ngati wina akuwagenda ndi timiyala. Kumunsi kwa bwalo amayi a pamudzi ankayanika chinangwa chovuula m'madzi, ndipo fungo lake lowawasa linkakwera ndi mphepo n'kusakanikirana ndi la usipa wa pathandala.

M'nyumbamo tinalimo awiri. Amayi anga anamwalira ndili wakhanda, abambo anatengedwa kupita ku usilikali, ndipo agogo aakazi anali atatisiya chaka chimene ndinayamba sukulu. Agogo ankanditcha "akazi anga", monga amasekera agogo ndi mdzukulu wamkazi, ndipo ankandifunsa maganizo pa chilichonse ngati ndinedi mwini nyumba, ngakhale kuti pomaliza ankachita zawo.

Nyumbayo anaimanga okha ndi njerwa zootcha. Pa Kanjedza ponse, mudzi wathu wa m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Metangula, denga la malata linali pa tchalitchi ndi pa nyumba yathu basi. Malatawo anawagula ndi thukuta la zaka zambiri ku Bulawayo, ndipo dzinja lililonse lisanayambe ankakwera pamwamba n'kuyendera msomali uliwonse ndi chala.

Nkhondo tinayamba kuimva m'kamwa mwa anthu. Kenako tinayamba kuiona: mabanja akutsika kumapiri atasenza mphasa ndi mapoto, ena alibe ndi nsalu yofunda yomwe. Apulofesori athu, aphunzitsi a pamudzi, anachoka Lachisanu lina osabweranso, sukulu n'kutsekeka. Kuchitsime amayi ankanong'onezana za atsikana amene ankhondo a kutchire anawatenga kuti akawasenzere katundu, ndipo ndikayandikira ankasintha nkhani. Ena anayamba kuwolokera ku Likoma, ena kupita ku Metangula kumene kunali asilikali a panyanja, amene tinkawatchula kuti a marinya.

Agogo anali ndi mnzawo wa bawo, a Saidi, msodzi amene anali ndi ngalawa ya thanga. A Saidi ankaisirira nyumba yathu kuyambira kale ndipo sankabisa. Tsiku lina m'nyengo ya mwera, bawo lili pakati, anaitulutsa nkhaniyo.

"A Barnaba, ndamva kuti mukufuna kumutengera mwanayu ku Metangula. Ndigulitseni nyumbayi. Ndili ndi nsalu za ku Malawi, sopo, ukonde watsopano, ndipo ndalama ndiwonjezerapo."

Agogo anatola njombwa m'dzenje, n'kuzitaya pang'onopang'ono.

"Ndikakugulitsani lero, akazi angawa agona pati mawa? Ndiyambe ndapeza kolowera."

"Wogula ali pano lero," anatero a Saidi. "Za mawa sindikuzidziwa."

"Nyumba sithawa, achimwene."

Kawiri konse agogo anatenga giya, kalata yoyendera imene munthu sankadutsa pa asilikali popanda iyo, n'kupita ku Metangula wapansi, ine atandisiya kwa akazi a a Saidi. Kawiri konse anabwera chimanjamanja, mapazi atatupa. Tauniyo inali itadzaza ndi othawa nkhondo, ndipo aliyense amene anali ndi denga ankaligwiritsitsa. A Saidi anafunsanso, agogo anayankhanso chimodzimodzi. Mwera unatha, kutentha kunayamba, mango anayamba kupsa.

Ulendo wachitatu anabwera akumwetulira. Anali atapeza nyumba ya zipinda ziwiri, ya zidina, yofolera ndi udzu, pafupi ndi sukulu. Mwini wake anali a Senyoro Armando, makaniko wa maboti a marinya, amene anamusamutsira ku Lichinga ndipo ankangodikira koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, chifukwa msewu wokwera phiri munthu sankayendamo yekha. Ndalama sankazifuna kwenikweni, poti m'sitolo munalibe chogula. Ankafuna katundu woti akayambire moyo kumene akupita.

Agogo sanapume n'komwe. Anasamba, n'kundigwira dzanja, tinapita kwa a Saidi. Tinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo, ndipo atatiwona sanadzuke msanga monga ankachitira. Masiku amene agogo anali paulendo, mudzi wina wa kumpoto, ulendo wa theka la tsiku kuchokera kwathu, unali utatenthedwa.

"A Barnaba, musandione ngati munthu wa mawu awiri," anatero a Saidi, maso ali pa ukonde. "Anthu aja akamatsika phiri amayamba aona chimene chikunyezimira. Kumpotoku anayambira nyumba ya malata, akuti mwini wake ndi wa boma. Ine ndili ndi ana. Sindingagone pansi pa denga limenelo."

Agogo anagwedeza mutu, n'kufunsa za umoyo wa ana, tinatsanzika. Tinayenda mpaka tinafika pamtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yathu. Anaima, n'kuyang'ana denga nthawi yaitali.

"Akazi anga, ndachedwa. A Saidi ananena zoona, ine ndi amene sindinamve."

Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu akuvomera kulakwa pamaso pa mwana. Ndinangowagwira chala.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kulira kwa msomali ukuzulidwa. Agogo anali pamwamba, akuchotsa malata limodzilimodzi. Msomali uliwonse ankauponya pansi, ine n'kuutola, ndipo masana anakhala pamwala n'kuiwongola yonse ndi nyundo, n'kuiika m'chitini. Anthu anasonkhana kudzaonerera. Ena ankati nkhalamba yazungulira mutu. A Saidi anabwera, anaima manja ali kumbuyo, kenako anavula kofiya n'kuyamba kulandira malata.

Pofika tsiku lachiwiri anali atagwirizana. A Saidi atenga makoma, mitengo ya mango ndi munda wa chinangwa, adzafolera ndi udzu kuti ifanane ndi nyumba zina zonse. Iwo atipatsa mtolo wa usipa wouma ndi kutinyamula pa ngalawa, ife ndi malata athu, mpaka ku Metangula.

Lata lomaliza litatsika ndinalowa m'chipinda cha agogo. Dzuwa linali litadzaza mpaka m'makona amene sindinawaonepo, ndipo chipindacho chinaoneka chaching'ono kwambiri. Agogo anali ataima pamene pankakhala bedi, pamene agogo aakazi anatsirizikira. Ndinatuluka mwakachetechete. Anakhalamo kanthawi, ndipo atatuluka anangoti, "Tenga mapoto."

Tinanyamuka m'mamawa, mpoto ukutikankha kumbuyo, ngalawa italemera mpaka madzi ankanyambita m'mphepete. Agogo anakhala pamwamba pa malata awo njira yonse, atafungatira bokosi la zipangizo, osacheuka.

A Senyoro Armando anali munthu wamfupi, wonenepa, wa manja akuda ndi oyilo. Anawatembenuza malata onse, kuwagogoda, kuyang'ana m'mabowo, kenako anagwira agogo chanza ndi manja awiri. Malata pa nthawi imeneyo sankapezeka ngakhale ku Lichinga. Anapita kwa mlembi wa dera, anasainirana, ndipo kuyambira tsiku limenelo nyumba inali ya agogo, malata anali a a Armando.

Koma koluna sinabwere. Anati ibwera Lolemba, kenako anati mlatho wina wawonongeka, kenako anati mafuta palibe. A Armando, akazi awo a Dona Seleste ndi mwana wawo wamkazi analibe kopita, ndipo mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo.

A Dona Seleste, amene Chinyanja ankachilankhula mothyokathyoka, anati tonse tilowe, tipanikizana. Ine ndinalowadi, ndinkagona pamphasa imodzi ndi mwana wawo. Agogo anakana. Anati mwamuna sangagone m'nyumba ya zipinda ziwiri muli mkazi wa mwini, ngakhale pepala litanena kuti nyumbayo ndi yake. Anapempha chilolezo kwa a Armando, n'kutsamiritsa malata angapo kukhoma la kuseri, kutsekera mbali imodzi ndi bango, n'kuyalamo mphasa. Munthu sakanatha kuimiriramo. Anansi akamawamvera chisoni, iwo ankaseka.

"Palibe wolakwira mnzake apa. Iwo akugona m'nyumba yanga, ine ndikugona m'malata awo."

M'mawa uliwonse a Armando ankapita kukafunsa za ulendo, ndipo akamabwera agogo ankatulutsa mutu m'kachisakasa kawo.

"Koluna, Senyoro?"

"Ayinda, papa."

Mawuwo ndi a Chipwitikizi, otanthauza kuti sizinachitikebe. Agogo anawamva kambirimbiri mpaka kachisakasako anakatcha dzina lomwelo, ndipo munthu akabwera ndi mpando wothyoka ankamuuza kuti, "Mukandipeza ku Ayinda."

Tinkaseka, koma zinthu sizinali zoseketsa. Mvula ikagwa yamphamvu madzi ankadutsa pansi pa mphasa yawo. Anayamba kutsokomola, chifuwa chija chomveka ngati macheka pathabwa lonyowa. A Dona Seleste ankawawiritsira masamba a mandimu, n'kumawakalipira m'Chipwitikizi ngati bambo awo owabereka, iwo akungovomera ndi mutu osamva kanthu. Masana ena mvula ikugwa ndinakwawira m'kachisakasamo, ndinawapeza atakhala chogwada, atakweza bokosi la zipangizo pamiyendo kuti lisanyowe. Ndinayamba kulira, ndinati tibwerere kwathu.

"Kwathu n'kuno," anatero. "Tangotsala ndi khoma limodzi kuti tilowe. Iwe wayamba sukulu kapena sunayambe?"

"Ndayamba."

"Ukamapita, pali amene amakuopseza panjira?"

"Palibe."

"Ndiye ine ndikugona bwino."

Koluna inafika patatha masabata asanu, ndipo anthu anapatsidwa nthawi yochepa kuti akwere. Mvula inali ikuwaza. Agogo anagwetsa okha Ayinda, n'kumanga malata onse ndi chingwe mwaluso lawo, kuti asakhulane panjira. Malatawo akukwezedwa pagalimoto, agogo anathamangira kubokosi lawo n'kutulutsa chitini cha misomali ija.

"Mukakhome ndi iyi, Senyoro, m'mabowo omwewo. Mukabowola pena adzadontha."

A Armando anawakumbatira. A Dona Seleste anandisiyira diresi la mwana wawo ndi poto mmodzi. Galimoto itapita tinalowa m'nyumba, agogo akuyamba ndi kugogoda chitseko ngati mlendo. Pakona pena denga linkadontha. Anayang'ana, n'kuikapo beseni, n'kugona tulo mpaka tsiku lotsatira.

Patapita miyezi inayi chichokereni kwathu, Kanjedza anatenthedwa. Uthenga unabwera ndi munthu wa bwato. A Saidi ndi banja lawo lonse anapulumuka, anathawira ku Likoma pa ngalawa, koma nyumba inapsa pamodzi ndi maukonde awo onse. Atsikana awiri amene ndinkatunga nawo madzi anatengedwa, ndipo mmodzi yekha ndi amene anadzabwerera nkhondo itatha.

Anansi anabwera kudzauza agogo kuti anachita mwayi, kuti Mulungu anawatsogolera. Masiku awiri agogo sanadye. Ndikawapatsa chakudya ankachikankhira kwa ine.

"Ndinamusiyira mnzanga makoma amene ine ndinkawathawa," anatero tsiku lachitatu. "Ndinadziwa kuti malo aja si abwino, koma usipa wake ndinalandira."

Mwezi wonse wotsatira anapala zitseko ndi mipando ya anthu a marinya, chifuwa chisanawathere, osalandira china chilichonse koma ulusi wosokera ukonde. Utakwana mtolo anaupereka kwa munthu wa bwato uja kuti akapatse a Saidi. Yankho linabwera patatha masabata atatu, ndipo munthuyo analinena ataima pakhomo, monga analandirira.

"Akuti ulusi aulandira, ayamba kale kusoka. Akuti musadzizunze, anagula ndi maso awo ali otsegula, ndipo anagona m'nyumba ya njerwa miyezi inayi, chinthu chimene bambo awo sanachilawepo. Koma akuti munawanamiza chinthu chimodzi. Mango a mtengo wa kuseri uja ndi owawasa."

Agogo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, kenako anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kundifunsa ngati m'nyumba muli chakudya.

Anamwalira m'nyumba ya udzu ija chaka chimene mtendere unabwera, abambo anga atabwerako ku usilikali. Ine ndinaphunzira mpaka ndinakhala mphunzitsi, ndipo ndagwira ntchito ku Lichinga moyo wanga wonse.

Chaka chatha, nditapuma pantchito, ndinaganiza zobwerera kunyanja. Ndinapeza kanyumba ku Metangula, ndipo wogula nyumba yanga ya ku Lichinga anapezeka sabata yomweyo, mnyamata wongokwatira kumene, mkazi wake ali woyembekezera. Ana anga anandilangiza kuti ndisachedwe ndiponso ndisalankhule zambiri. Pa kusachedwa ndinawamvera. Koma tisanasainirane ndinayenda naye mnyamatayo nyumba yonse, ndinamuonetsa mng'alu umene ndinaubisa ndi kabati, pamene madzi amalowera mvula ikakula, ndi mpanda umene akuba anadumphapo kawiri. Titakhala pansi ine ndikufotokozabe, mwana wanga wamkulu ankandiponda phazi pansi pa tebulo.

Mnyamatayo anandiyang'ana modabwa. "Amayi, mukufuna kugulitsa kapena simukufuna?"

Ndinamuuza kuti ndikufuna kwambiri, koma ndikufunanso kuti tsiku limene ndidzamve za iye ndi mwana wake, chakudya chidzathe kutsika pakhosi panga.