Manda Awiri a Agogo

Ndinadzuka kusanache, msana ukupweteka chifukwa chogona pamphasa. Akwaya amene anaimba usiku wonse anali akuwodzera pakhonde. Kuseri amayi a kumpingo anali atakoleza kale moto, koma nkhuni zinali zosauma, utsi unangodzaza bwalo lonse.

Tinkaika agogo aamuna, obereka bambo anga. Iwowa anatsika ku Misuku ali mnyamata, pano pakutchedwabe Fort Hill, masitolo ali owerengeka. Anali telala. Akuluakulu ambiri a pa Chitipa yunifolomu yawo yoyamba anasokedwa ndi iwo, ndipo ankakumbukira banja lililonse limene linayamba kumanga pafupi ndi msika.

Dzuwa litangotuluka kunafika lole ya abale a ku Misuku. Asanapepese n'komwe, wamkulu wawo anati abwera kudzatenga thupi, manda akumba kale kumudzi pafupi ndi makolo. Kunonso adzukulu anali atamaliza kukumba. Panalibe amene anauza mnzake.

Amuna anakhala pansi pa mango n'kuyamba kukangana, ena m'Chisukwa, ena m'Chitumbuka. Anthu ankangofikabe, pa njinga zamoto, pa minibasi, ena wapansi. M'malo mothandiza, aliyense anabwera ndi mbiri yake. Wina anati bambo ake ndiwo anayamba kufolera malata pa boma pano. Wina anatsutsa, nati woyamba anali mwini chigayo amene anachokera ku Tanzania. Bokosi lili m'nyumba, nyemba zikupserera, iwo ali pa malata.

Agogo aakazi panalibe amene anawafunsa. Iwo anandikodola n'kundituma kwa amuna aja.

"Kawauze kuti amuna anga moyo wawo wonse unali kuno. Akawatenga, anyamulenso ine."

Nditafika pansi pa mango paja ndinagwada n'kunena mawuwo. Anandiuza kuti amva, n'kupitiriza mkangano ngati sindinalankhule.

Cha kumasana kunada mbali ya ku mapiri a Mafinga, mvula n'kuyamba. Dalaivala wa lole uja anangoti lero sakwera phiri la Misuku, amene akufuna asenze bokosilo pamutu. Nkhani inathera pomwepo. Zimene anakana kumvera mayi wamasiye anamvera matope, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Tinanyamuka mochedwa ulendo wa kumanda akuno, titanyowa, nsapato zili m'manja. Podutsa kumsika matelala anasiya makina n'kuima m'makonde, ena a imvi analowa m'gulu. Apo pokha ndi pamene ndinalira bwino tsiku limenelo. Kumanda, mkulu wa ku Misuku uja analankhula nthawi yaitali, nati banja lonse linagwirizana kuti malemu agone m'tauni imene anaiona ikukula. Azakhali ananditsina kuti ndisayankhe.

Madzulo anthu atabalalika nyumba inangoti zii. Ine ndi agogo tinakhala pamphasa osayatsa nyale. Foni ya bambo inalira. Anali a ku Misuku, kufunsa chochita ndi dzenje lawo, poti manda sakhala apululu. Bambo anayang'ana agogo, koyamba tsiku lonse munthu kudikira mawu awo.

"Aikemo thunthu la nthochi," anatero agogo. "Nthochi ndiye ali nazo zambiri."