Ku Joni n'kufupi, kwa Changata n'kutali

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza Esinati, mwana wa achemwali anga, ku bwalo la ndege la Chileka. Ndi namwino pachipatala cha mishoni kuno ku Thyolo, ndipo amapita ku Joni kukawonjezera maphunziro a uzamba.

Tikudikira, ndinamufunsa kuti afika tsiku liti. Anati ulendo wake ndi wa maola awiri basi. Ndinaseka. Agogo anga aamuna ankapita ku Joni komweko wapansi, n'kutha miyezi m'njira!

Ndege itanyamuka, ine ndinayamba ulendo wanga wobwerera kuesiteti. Pa Limbe kondakitala analumbira kuti watsala munthu mmodzi yekha kuti tinyamuke. Inu mukumudziwa munthu mmodzi ameneyu, safika msanga. Titanyamuka, tayala linaphulika pa Bvumbwe, jeke n'kukhala yobwereka.

Tili chiimire m'mbali mwa msewu, foni inalira.

"Amalume, ndafika bwino. Agogo mwawapeza bwanji?"

Nditamuuza kuti ndikadali pa Bvumbwe, anaseka mpaka foni inaduka.

Kunyumba ndinawafotokozera amayi, omwe akalamba akuthyola tiyi m'minda yomweyi. Poyamba anakana, amvekere mwanayo akungotilimbitsa mtima. Atakhulupirira, anati: "Ndiye kuti dziko lachepa. Sabata ikatha undiperekeze kwa achimwene."

Achimwene awowo amakhala kwa Changata, m'boma lathu lomwe lino, koma awiriwa anali atatha zaka osaonana. Sanayambane ayi. Uyu ankati msewu ndi woterera, uyo ankati miyendo yatha.

Kodi si mmene tilili ambirife? Mwana akakhala kunja timadziwa mpaka nyengo ya kumeneko, koma mbale wa kuseri kwa phiri timangomva za iye kwa anthu obwera kumsika. Koma imveke nkhani ya maliro, lole imapezeka tsiku lomwelo, msewu woterera uja n'kuuma. Timadzitonthoza kuti chibale ndi fupa, sichiola. Zoona, koma fupa losiyidwa pabwalo amatola ndi galu.

Lamulungu tinakwera galimoto ya matola. Inatigwedeza mpaka amayi anayamba kudandaula m'Chilomwe, koma tinafika dzuwa lisanapendeke.

Amalume tinawapeza m'munda wa nthochi. Atationa anataya chikwanje, nkhope itagwa.

"Kwagwanji? Watisiya ndani?"

"Palibe," anatero amayi. "Ndabwera kudzakuonani muli ndi maso."

Anakumbatirana, akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Tambala wa pakhomopo ndiye anaona tsoka.

Pobwerera funso la amalume linandikhala mumtima. Tafika poti mbale akatulukira pakhomo, choyamba timaganiza imfa.

Nanga inu awerengi, mutati mutulukire mawa kwa mbale wanu popanda uthenga, akulandirani ndi moni kapena akufunsani kuti wamwalira ndani?