Mphini za Paphewa

Fungo la penti limandibwezabe ku chipinda cha amalume anga a Gibson ku Scarborough, pa nsanjika yapamwamba pomwe mawindo ankachita nkhungu. Inali nyengo yanga yachiwiri yozizira ku Canada. Loweruka lililonse amayi ankandisiya kumeneko popita ku ntchito kuchipatala. Ndinkakhala pafupi ndi hita, masokosi akuuma, n'kumaonerera amalume akujambula.

Ankajambula munthu mmodzi yemweyo, bambo wosavala malaya, atafulatira. Msana wake unali wotambalala, khosi litawerama pang'ono ngati akupemphera. Pansi pa chithunzi chilichonse ankalembapo mzere wa ndakatulo. Mwini ndakatulozo anali a Lemani, omwe ankaimba mu kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ankabwera masana n'kuwerenga motsitsa mawu atatsamira sinki, amalume atatsinzina, burashi ili m'manja.

"Amalume, kodi nkhope zimakukanikani?" ndinafunsa tsiku lina.

"Zimandikanika, mphwanga."

"Asakunamize, ndi ulesi," anatero a Lemani. Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake sikunatalike.

Loweruka lina amayi anaweruka msanga, ndipo m'malo mondiitana ali pansi anakwera okha. Anaima pakhomo jekete ikudontha madzi, maso ali pa chithunzi chatsopano. Paphewa lamanzere panali timizere ta mphini, tojambulidwa mosamala. Amayi anakulira mudzi umodzi ndi a Lemani ku Ntcheu, ndipo analipo tsiku lomwe a Lemaniwo ankatemedwa mphinizo chifukwa cha mphumu.

"Achimwene, mpaka mphini?" anatero chapansipansi.

"Ndikanazisiya, akanakhala munthu wina."

Amayi anandigwira dzanja, tinatsika osadikira lifiti. Sindinapitekonso. A Lemani analeka kwaya n'kusamukira ku Oshawa, amalume anawatsatira Pasaka asanafike. Pa pemphero la madzulo amayi ankatchula abale onse mmodzimmodzi, akafika pa amalume ankadumpha dzina lawo n'kupitiriza.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi anakwiya chifukwa mphini n'zachikunja, zosayenera kuonetsedwa m'nyumba ya Mkhristu. Tsopano ndinaika mkazi wanga m'manda, ndipo ndikamukumbukira nkhope yake imandithawa. Chimabwera ndi chipsera cha mafuta otentha chomwe chinali pa dzanja lake. Mlandu wa chikondi cha amalume ndi a Lemani sindinauthe mumtima mwanga, ndimausiya kwa Mulungu. Koma ndikudziwa chifukwa chake amalume sakanatha kuzisiya mphini zija.