Phala la Yamikani

Fungo la fodya wamuwisi likandipeza, ndimaona manja a amayi, akuda bii ndi utomoni, akusoka masamba m'chigafa kwathu ku Kaomba. Feteleza wa makuponi anali atangoyamba kumene, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Manja ogwira fodya amawawa, choncho ntchito yodyetsa phala mlongo wanga Yamikani, wa miyezi isanu ndi itatu, inagwera ine.

Yamikani ankadana ndi supuni. Ndikaifikitsa pakamwa ankamana milomo, kutembenuza mutu n'kuyamba kulira. Phalalo linali lansinjiro, lothira shuga, ndipo ine dyera ndinali nalo. Ndinkapita naye kuseri kwa chigafa, kumupaka pang'ono pamilomo, lotsalalo n'kumeza ndekha. Amayi akafunsa ndinkangoti, "Wamaliza lonse."

Pankabweranso a Nangondo, mkazi wa tenanti wochokera ku Mulanje, kudzasoka nawo fodya. Mwana wawo ankamukhazika pathumba la feteleza lochapa, n'kumuikira zidutswa za dzungu lophika m'mbale. Mwanayo ankafinya, kudzipaka mpaka m'makutu, zina n'kulowa m'kamwa. Ine ndinkauza anzanga kuti ana a matenanti amadya ngati nkhuku.

Tsiku la sikelo, mzere wa pakhadi ya Yamikani unapezeka utatsika. Mlangizi wa zaumoyo anawakalipira amayi pamaso pa azimayi onse kuti akonda fodya kuposa mwana. Amayi anabwerera kunyumba maso ali gwa pansi. Ine ndinali nawo, koma sindinaulule za phala lija.

M'mawa mwake a Nangondo anandipeza kuseri kuja supuni ili m'kamwa mwanga. Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Anandiyang'ana, nanyamula Yamikani, kumusambitsa m'manja n'kumukhazika pathumba paja pafupi ndi wawo.

"Mwanayu ali ndi manja ake, iwe. Tamusiya."

Yamikani anagwira dzungu, kulinunkhiza, kuliponya. Chidutswa chachiwiri anachinyambita. Chachitatu chinatha, a Nangondo akusoka fodya diso lili pa iye. Pofika nthawi yodinda mabelo, masaya ake anali atabwerera.

Nthawi imeneyo ndinangosangalala kuti ndapulumuka mkwapulo, poti a Nangondo sanandinenere kwa amayi. Lero ndimadziwa kuti amene ndinkawaseka ndiwo anandisungira ulemu, ndipo manyazi anga anawasenza amayi. Mpaka pano amafotokozera adzukulu awo modabwa kuti Yamikani ankamaliza phala lonse koma osanenepa. Akamatero, ine ndimayang'ana pansi.