Msomali wa kuseri kwa chitseko

Letty, mwana wa achimwene anga a Laiton a ku Ingagula ku Hwange, anayamba kubisa zinthu mano asanamere onse. Ndine azakhali ake, ndimamudziwa. Kope lake ankalemba m'zizindikiro zakezake, chonsecho munalibe china koma mayina a anzake omukwiyitsa.

Sitinadabwe atasankha za makompyuta ku yunivesite ku Bulawayo. Mu 2004 anapita ku Joni kukafufuza njira zotetezera zinsinsi za anthu pa intaneti, mpaka anakhala dokotala wosabaya jakisoni, wophunzitsa pa yunivesite. Tinkanyadira, koma kumupeza inali ntchito. Nambala ya foni ankasintha ngati malaya. Adiresi sankapereka. Ankatiimbira yekha pa foni ya kutchalitchi kwathu, akakumbukira.

Atabwera pa Khirisimasi anatiphunzitsa pakhonde. "Chitetezo n'chakuti munthu asadziwike komwe ali."

Bambo ake, amene anakumba malasha zaka makumi atatu, anaseka mpaka kutsokomola. "Mntanami, mwana wanga, ife potsika mumgodi tinkasiya kachitsulo ka nambala pamsomali. Denga likagwa, ankayang'ana pamenepo kuti adziwe womufukula. Wosasiya kachitsulo analibe womufuna."

"Yebo baba, koma n'zakale zimenezo," anatero Letty.

Mu 2007 chifuwa cha achimwene chinakula, anawagoneka m'chipatala. Ankangofunsa za mwana wawo. Tinayesa nambala zinayi, zonse zakufa. Elesi, mwana wanga, anatumiza imelo, koma makina a Letty anaitaya poiyesa ya akuba. Letty anawakonza yekha makinawo, ndipo akuti anzake anamutama nawo kwambiri. Ndinakwiya, ndinaliranso. Masabata atatu mkuluyo akungoyang'ana kukhomo.

Mwamwayi tsiku lina Letty anaimba, ndipo patapita masiku awiri anatsika sitima pa Hwange maso ali gwa, ofiira. Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali.

"A dokotala, mwatuluka mumgodi?"

Letty anangogwada pambali pa bedi.

Achimwene atatuluka m'chipatala, Letty anabwereka hamala, nakhoma msomali kuseri kwa chitseko. Anaukhoma mokhota, sukulu siphunzitsa zonse. Anakolekapo kapepala ka nambala ndi adiresi, kolembedwa m'zilembo zoti aliyense awerenge.

Chaka chotsatira achimwene atadwalanso, tinaifuna nambala ija. Inangoitana kamodzi, ndipo Letty anawapeza bambo ake akadali kulankhula.